Napolo, ndondocha ndi anamapopa m'buku lopanda matsenga: ndiziyika bwanji ku Zomba?

Nangozo_wa_ku_Matawale

Abale ndi alongo olemba nkhani, ndithandizeniko nzeru. Ndikulemba buku la nkhani yopeka yochitikira kuno ku Zomba masiku ano, m'dziko lomwe mulibe matsenga: wakufa sadzuka, lichero siliuluka. Koma ndikufuna Napolo, ndondocha ndi anamapopa zikhalemo, pamodzi ndi gulu la anthu oipa lomwe mtsikana wa m'nkhaniyi azilimbana nalo. Ndikachotsa matsenga, zilombozi zikutha mphamvu. Ndikawasiya, buku likusanduka nthano ya ana. Gulu la oipalo nalonso likutuluka lopanda mutu: anthu ovala zakuda okumana kumanda usiku, osadziwika chomwe akufuna. Kodi ndiyambire pati kuti munthu wa ku Chikanda kapena ku Songani awerenge n'kunena kuti izi zingachitikedi?

Che_Likangala

Achemwali, yambirani pa mimba. Chilombo chanu chisanalandire dzina chiyambe chayankha: chimadya chiyani, chimagona kuti, nanga chatha bwanji kuzemba mafoni onsewa osajambulidwa.

Tiyese Napolo ngati njoka yeniyeni. Njoka yaikulu kuposa zonse kuno ku Africa ndi nsato, ndipo yaikulu zedi imafika mamita 5, mwa apo ndi apo 6. Tinene kuti yanu mwaifikitsa mamita 12. Utali ndi kunenepa zikawirikiza kawiri, kulemera kumawirikiza kasanu ndi katatu, pomwe mphamvu ya minofu ndi mafupa imangowirikiza kanayi. Ya makilogalamu 60 yasanduka ya makilogalamu 480, thupi lolemera pa mphamvu zochepa. Njoka yotere singakwere zitsetse za phiri la Zomba. Kuzizira nako kuliko: nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo njoka imadalira dzuwa kuti thupi lifunde. Ikameza mbuzi mu Juni kumtunda kuja, chakudya chimayamba kuwolera m'mimba chisanagayike, ndiye imasanza kapena kufa kumene. Pa chakudya pokha ndiye mwapepukidwa, chifukwa njoka imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe ingadye nyama yoyamwitsa yolemera mofanana nayo. Koma singakhale imodzi. Kuti mtundu usathe pafunika zazimuna, zazikazi, mazira ndi ana, ndipo zonsezo zimafundula. Ocheka matabwa, ootcha makala ndi anyamata ogulitsa sitiroberi pa Ku Chawe akanatola kale chikopa chofundula. Ngati mwakakamira nyama yeniyeni, itsitseni kuphiri, muiike mu njedza ndi bango la ku Chilwa komwe kuli kofunda, ndipo isapitirire mamita 7.

Ine ndikanakulangizani njira ina: Napolo asakhale nyama, akhale chochitikacho. Chimayenda motere. Pa zitsetse za phiri dothi ndi lopyapyala, lagona pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi limakhuta, madzi n'kumalowa pakati pa dothilo ndi thanthwe. Dothi lalemera, pansi pake paterera, basi limanyamuka. Likalowa m'khwawa limasakanikirana ndi miyala ndi mitengo n'kukhala phala lolemera kwambiri kuposa madzi, n'chifukwa chake limatha kukankha mwala waukulu ngati minibasi. Likadutsa limasiya chipsera chachitali chokhotakhota kuchokera kuphiri kutsikira kuchigwa. Woona chipsera chimenecho m'mawa mwake sanganamizidwe kuti sipanadutse njoka yopita kunyanja.

Zizindikiro zake ndiye chuma chanu cholembera. Mtsinje kuphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, kusonyeza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo madzi akuunjikana. Madzi oyera kusanduka matope ofiira. Ming'alu m'munda, mitengo kupendekeka, kasupe kutumphuka pomwe panalibe, zitseko kukana kutseka, kenako mkokomo womveka pansi. Zinachitika kuno ku Zomba mu Disembala 1946, milatho n'kukokoloka, anthu n'kufa. Zinachitika ku Phalombe mu Malichi 1991 pomwe anthu mazanamazana anataya miyoyo, komanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy pa Soche ndi m'maboma a Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe.

Ndiye m'buku njokayo musaionetse ngakhale kamodzi. Ikanimo agogo odziwa zizindikiro zonsezi m'dzina la Napolo, ndi wachinyamata wophunzira za miyala (likulu la nthambi ya boma yoona za miyala lili konkuno ku Zomba, choncho munthu wotere sakhala wachilendo m'nkhani). Awiriwa azikangana pa chifukwa, koma azigwirizana pa ola lothawira. Chenjezo limodzi: musalembe ngati kudula mitengo ndiko kokha kumabweretsa Napolo. Mizu imagwira dothi la pamwamba, koma phiri likang'ambika mozama ngakhale nkhalango yowirira imapita nayo. Mlandu wa munthu woipa uonekere pa kugulitsa mapuloti m'khwawa akudziwa, osati pa kugwetsa mvula.

Bambo_a_ku_Jali

Mayi, gulu lanu likukanika chifukwa mwalipatsa zovala musanalipatse ndalama. Anthu sakumana usiku chifukwa chokonda zoipa. Amakumana chifukwa pali phindu lomwe masana silingatheke. Tengani kope, mulembe kaye komwe ndalama zikuchokera, amene akugwira ntchito yonyansa, amene akuwatchinjiriza, ndi bodza lomwe likuphimba zonsezo. Zakumanda zija muzisiye.

Malo muli nawo kale. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo kuvuma kwake kwayandikana ndi malire a Mozambique. Asodzi ena amakhala masabata ambiri pa zimbowera, tinyumba toyandama mkati mwa njedza, kutali ndi mfumu, chipatala ndi polisi. Munthu wofuna kubisa anthu sangasowe pobisa.

Apa ndi pomwe ndondocha yanu ibadwire. Tiyerekeze mkulu wina wogula matemba ndi mlamba wowamba, mwini maboti ndi maukonde. Amatuma munthu m'midzi kukalonjeza anyamata ntchito. Mnyamata wa zaka 16 akafika kunyanja, foni ndi chiphaso cha unzika amati tikusungire zinganyowe. Kenako amamuwerengera ngongole: thiransipoti, ufa, ndiwo, ukonde womwe wang'ambika, zonse pa katapila. Ngongoleyo imakula kuposa malipiro mwezi uliwonse. Akayesa kuthawa, kwawo kumapita uthenga woti anamira ndipo thupi silinapezeke. Maliro amalira, ziwiya zake amagawana. Patapita zaka ziwiri, mayi wina wogula nsomba akumuona usiku pa doko la Kachulu atasenza thumba, wowonda, tsitsi lanyankhalala, akamuitana dzina osayankha. Sayankha chifukwa anamuuza kuti akatsegula pakamwa mng'ono wake alowa m'malo mwake. Koma kumudzi nkhani ifika yoti anamudula lilime, ndi ndondocha ya bwana uja. Simunaonjezepo matsenga ngakhale amodzi, koma zonse zomwe anthu amanena za ndondocha zakwanira.

Tsono taonani momwe chikhulupirirocho chikumutetezera bwanayo. Anthu akumuopa m'malo momuneneza. Ndipo lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mayi wa mnyamatayo akamanena pagulu kuti uje wasandutsa mwana wanga ndondocha, wolakwira lamulo ndi iyeyo. Lamulo lomwe lingamugwire bwanayo ndi lina, lothana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu la 2015, ndipo limafuna umboni: kope la ngongole, ziphaso zolandidwa, woyendetsa boti wovomera kuyankhula. Ntchito ya mtsikana wanu m'buku lonse ndi imeneyo, kuchoka pa zomwe mudzi ukunena kufika pa zomwe khoti lingamve.

Gululo likhale laling'ono. Anthu 8 mpaka 12 akwana, ndipo odziwa zonse asapitirire awiri. Mwini mpamba akhale m'tauni, wa golosale yooneka bwino, wosalephera kupereka bokosi ndi galimoto pa maliro. Kunyanja kukhale kapitawo, amene amamenya. Wolemba anyamata akhale wachibale, malume enieni, chifukwa mlendo sangapatsidwe mwana. Onjezani woyendetsa lole ndi munthu mmodzi wa mu ofesi yopeka amene amasoweza mapepala. Aliyense mumupatse chifukwa chake: wina fizi ya mwana, wina ngongole yake yomwe, wina mantha. Mukatero werengani masamu a mwezi umodzi, zolowa ndi zotuluka. Ziphuphu, mafuta ndi chakudya cha anyamata zikaposa phindu la nsomba, gulu lotero silingakhalepo, ndipo owerenga ochita bizinezi pa msika wa Zomba azindikira msanga.

Olemba ambiri amalakwitsa pa kupha. Gulu lopha munthu mutu uliwonse silikhalitsa, popeza mtembo umaitana apolisi ndi atolankhani. Gulu lenileni limakonda ngongole, manyazi ndi kuopseza, ndipo likapha ndiye kuti zinthu zayamba kuthina. Cholithinitsa muli nacho: Chilwa imaphwa. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Nsomba zikasowa kapitawo salipidwa, wa mu ofesi akufunabe yake, ndipo anyamata omwe madzi ankawatsekera angathe kutuluka wapansi.

AnaPhiri_Chinamwali

Za Napolo ndi ndondocha ndagwirizana nazo. Pa anamapopa pokha, achemwali, imani kaye.

Kuba magazi n'kukagulitsa sikungalembedwe mokhulupirika, chifukwa sikutheka. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Wopereka magazi amachotsedwa mamililita 450, ndi singano yaikulu pa mtsempha wa pamkono, kwa mphindi ngati khumi, ali maso. Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa ngati sanalowe m'thumba lokhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 6, kwa masiku pafupifupi 35. Akatentha amaonongeka, akaumitsidwa m'firiji ya panyumba amaonongekanso. Asanaikidwe mwa wodwala amayezedwa gulu lake, HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko. Thumba lopanda mbiri yotere palibe angaligule. Nawo utsi wopopera pazenera kuti nyumba yonse igone tulo kulibe: mankhwala ogonetsa amafuna muyezo wa munthu aliyense ndi womuyang'anira kupuma, apo ayi ena sagona, ena sadzukanso.

Ndipo ngakhale zikanatheka, sindikanakulimbikitsani. Mphekesera imeneyi inavuta mu 2002 ndi 2003, inabweranso mu 2017 kuyambira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, azaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi. Buku loonetsa kuti anamapopa alikodi likuthira mafuta pa moto umenewo.

Chilombo chake ndi mphekeserayo, ndipo nayo ili ndi thupi lomwe mungalijambule. Imafuna nyengo yotentha anthu akugona panja kapena mazenera otsegula, nkhokwe zitayamba kupepuka. Imafuna munthu mmodzi wodzuka wofooka, mwina ndi malungo kapena kuchepa magazi, kadontho ka kamfuno pa pilo. Imafuna mlendo wonyamula chikwama amene mfumu sinauzidwe za kubwera kwake. Kenako uthenga wa mawu pa WhatsApp wonena kuti zachitika mudzi woyandikana, nthawi zonse woyandikana, wosatchula dzina la wopopedwa. Usiku wachitatu anyamata atseka msewu ndi mitengo, ayamba kusecha galimoto ndi kutolera ndalama, ndipo pofika apo pali anthu opindula omwe sakufuna kuti itha. Bwana wa nsomba uja angathe kuiyatsa dala kuti mtsikana wofunsa mafunso pa Kachulu athamangitsidwe, koma akangoiyatsa sangaizimitse, ndipo ingadzadye woyendetsa lole wake yemwe.

Pamenepa ndikusiyana pang'ono ndi bambo a ku Jali. Mwawapanga oipawo ngati anthu ogwiritsa ntchito chikhulupiriro chomwe iwo alibe. Sizikhala choncho. Kapitawo yemweyo ali ndi mphini pachifuwa, bwanayo amalipira sing'anga kuti bizinezi ikhwime, ndipo akamva kadzidzi padenga sagona. Oipa oseka zikhulupiriro za anzawo amamveka ngati alendo.

China: agogo okalamba, anthu achialubino ndi gule wamkulu musawasandutse zilombo kapena gulu la oipa. Awiri oyambawo akuzunzika kale ndi nkhani zotere, ndipo gule ali ndi eni ake. Gulu lanu lisakhalenso la mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi. Pa doko pamakumana Ayao, Alhomwe ndi Anyanja, ndipo ndalama sizifunsa mtundu.

Nangozo_wa_ku_Matawale

Zikomo kwambiri nonse, apa mutu watseguka. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Zonse zikafotokozeka, mantha atsalira pati? Komanso ndimafuna gululi likhale lakalekale, loyambira nthawi ya ukapolo, lomakumana ku Dzenje la Chingwe, dzenje lakuya lija la pamwamba pa phiri la Zomba. Kodi zimenezo ndizitaye?

Mwandionerapati

Achemwali, mantha satha chifukwa chofotokoza, amatha chifukwa chofotokoza msanga. Umboni uzitsogola, tanthauzo lizibwera mochedwa. Gawo loyamba la buku owerenga aone zomwe mudzi ukuona basi: mnyamata wakufa ataima pa doko. Gawo lachiwiri mupereke zinthu zosagwirizana ndi matsenga koma musanene kanthu: ndondocha yovala nsapato za pulasitiki zatsopano, ndondocha yodwala kolera, thumba la ufa lopita ku zimbowera sabata iliyonse. Wakufa amadyeranji ufa? Owerenga afunse okha. Gawo lachitatu ndiye kope la ngongole litulukire. Chochitika chilichonse chachikulu chikhale ndi mboni ziwiri kapena zitatu zosimba mosiyana, ndipo wophunzira asamakhoze nthawi zonse. Kanthu kamodzi kokha, kakang'ono, mukasiye kosafotokozeka mpaka kumapeto, mwachitsanzo agogo aja kusamutsa mbuzi zawo kutatsala tsiku lathunthu chizindikiro chilichonse chisanaoneke. Kamodzi. Mukasiya zitatu mwabwezeretsa matsenga pakhomo la kuseri.

Za gulu lakalekale, mbiri ilipo yokwanira. Malonda a akapolo anadutsadi kuno, ndipo mfumu Kawinga inali ndi linga pa phiri la Chikala, kumpoto kwa Chilwa, mpaka asilikali a atsamunda anaigonjetsa mu 1895. Koma gulu lachinsinsi lokhala zaka zoposa 100 limafuna ndalama zosaduka, olowa m'malo osakangana, ndi anthu mazana osaulula ngakhale ataledzera. Wowerenga sangavomere. Chomwe chimakhalitsa si gulu koma njira ndi kachitidwe: madoko omwewo, malire omwewo, kugwiritsa munthu ntchito mokakamiza monga zinalili pa thangata m'minda ya azungu. Bwana wanu angathe kumadzitama kuti agogo ake ankayenda njira yomweyo, zoona kapena zonama, osakhala ndi mpando wa gulu lililonse.

Mukafuna mkangano wa ulowam'malo, uli pakhomo pomwe. Kuno ambiri timatsata kuchikazi, wolowa m'malo mwachikhalidwe ndi mwana wa mlongo. Bwanayo akufuna kusiyira mwana wake wobereka amene anamuphunzitsa ku koleji, pomwe mwana wa mlongo wake ndiye kapitawo amene wakhala akununkha nsomba zaka zonsezi. Mng'alu umenewo ndi womwe mtsikana wanu alowerepo. Mukafuna munthu wodziwa kuopseza mwadongosolo, kumbukirani kuti a Malawi Young Pioneers analandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993, ena n'kuthawira ku Mozambique. Amene anali ndi zaka 20 nthawi imeneyo lero wapitirira zaka 50, choncho akhale wolangiza ndi wodziwa njira za kumalire, osati wothamangitsa anthu m'matope.

Dzenje la Chingwe lisakhale malo okumanirana. Kumapita alendo ndi owaperekeza, ndipo galimoto yokwera phiri usiku aliyense amaiona magetsi ake. Nkhani zoti kale ankaponyamo anthu ndi zosimbidwa pakamwa, ndipo ntchito yake m'buku ndi yomweyo: kapitawo angotchula dzina la dzenjelo kwa mnyamata wa ku Mayaka amene sanakwereko phiri. Misonkhano yeniyeni ichitikire poyera, kuseri kwa golosale, m'galimoto yoima pa filing'i siteshoni, kapena pa maliro pomwe palibe angadabwe kuona anthu asanu akunong'onezana. Mukafuna kumva momwe maboma akale ankalembera za mphekesera ndi milandu yotere, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino ili konkuno ku Zomba.

Che_Likangala

Ndionjezereko za kalendala, chifukwa malangizo athuwa mukawaphatikiza osasamala agundana. Nyanja imaphwa pakatha zaka za mvula yochepa, ndipo imafika pouma kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Mphekesera ya anamapopa ya 2017 inakula mu Sepitembala ndi Okutobala, nyengo yomweyo yotentha. Napolo ndi wa Disembala mpaka Malichi, ndipo amafuna dothi lokhuta kale, osati mvula yoyamba. Ndiye musaike anyamata akuthawa wapansi pa nyanja youma sabata yomweyo phiri likugumuka. Yambani buku mu Sepitembala nsomba zikusowa, mphekesera ibuke mu Okutobala, anyamata athawe mu Novembala matope ataumba pamwamba (pansi pake amakhalabe ofewa, munthu amatitimira mpaka m'chiuno akalakwitsa njira), Napolo abwere mu Febuluwale kapena Malichi. Chaka chouma kutsatidwa ndi chigumula si chopeka: Chilwa itauma kumapeto kwa 2018, mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019 inadzetsa madzi osefukira m'chigawo cha kumwera, nyanja n'kubwerera. Muwerengerenso msewu wa ku Kachulu. Ndi makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, koma ulendo wa mu Okutobala ndi wa mu Febuluwale sutenga nthawi yofanana, ndipo Likangala akadzaza, mtsikana wanu ndi kope lake la ngongole angagone kutsidya.